Phazi la Pansi pa Lichero

Amene anandichita zimenezi ndi Gildo, mwana wa mayi uja wogulitsa nsalu ku Chingodzi, ndipo dzina lake ndalilemba dala kuti wina akamuuze kuti Lazaro walemba. Anzanga a pamerkado, pamsika pathu paja, mwakhala mukundifunsa, ena mukuseka, ena mukunamizira chisoni kenaka n'kukasekera kuseri kwa matumba, ndiye ndati ndilembe kamodzi kuti mundileke. Zilembo zikakhota musadabwe, ine sukulu ndinalekeza kinta kalasi, kalasi yachisanu, kwathu ku Ulongwe.

Ntchito yanga mukuidziwa. Galimoto za mbatata zikafika kuchokera ku Tsangano, thumba limene anyamata awiri amalikoka pansi ine ndimaliika pamutu ndekha. Chuma changa ndi khosi, basi. Ndiye tsiku lina nditatula thumba ndinaona kamnyamata kovala magalasi kakundiyang'ana ngati munthu wofuna kugula ng'ombe, n'kunditcha tio, malume pa Chipwitikizi.

“Tio, khosi limeneli lingasenze munthu?”

“Wamoyo kapena wakufa?”

Kanaseka, kanandigulira fanta, n'kundiuza kuti dzina lake ndi Gildo ndipo iye ndi anzake akupanga filime yoseketsa ya zigawozigawo, yoonera pafoni. Analibe bwana wowathandiza, anali ndi kamera imodzi yobwereka. Nkhani yake inali ya mfiti imene inaphunzira kuuluka palichero koma amene ankaiphunzitsa anamwalira asanaiuze materedwe, ndiye imangozungulira pamwamba pa Tete, njala itaipha, kukuwira amayi pansi kuti aiponyere mandasi. Ndinaseka, sindinama.

“Nanga ine ndikhala ndani?”

“Inu tio ndinu Mphepo. Popanda inu mfiti siuluka. Filime yonse ili pamutu panu.”

Chimandiwawa n'chakuti sananame. Sananene zonse, koma sananame.

Kuti mumvetse chifukwa chake munthu wa imvi ngati ine ndinalowa masewera a ana, ndikuuzeni za Telma. Telma ndi mwana wanga mmodzi yekhayo, ali ku sekondale. Amakhala ku Mpadue ndi amayi ake, amene anakwatiwa ndi bambo wina wogwira ntchito ku migodi ya malasha ku Moatize, wa galimoto ndi mpanda wa njerwa. Pochokera kusukulu Telma ankadutsa pamerkado. Akakhala yekha ankabwera, “Pai, mwaswera bwanji,” ndimamupatsa tomato kapena chilichonse ndapeza. Akakhala ndi anzake ankandipatsa moni wa maso okha. Tsiku lina ndili ndi thumba pamutu ndinamva mnzake akufunsa kuti madala akukuyang'anawo ndani, iye n'kuti, “Ndi akwathu.” Akwathu! Sindinamudzudzule. Ndinali woyera ndi fumbi la mbatata, malaya ong'ambika paphewa, mukanakhala inu mukanati chiyani? Koma mawuwo anakhala pachifuwa. Ndinkangofuna tsiku limodzi loti anene pamaso pa anzake kuti awa ndi bambo anga.

Ndiye ndinavomera.

Tsiku loyamba anandiyeza ndi Sonia, mtsikana wosoka zovala zawo. Anandisokera chinsalu chobiriwira ngati tsamba la nthochi longotuluka kumene, chogwira thupi lonse kuyambira kumutu mpaka m'akakolo, zipi kumsana, masokosi ake obiriwiranso. Kumaso kunalibe bowo, anangosokerapo kachidutswa ka neti ya udzudzu kuti ndizionako pang'ono. Ndinadziyang'ana pagalasi la njinga yamoto, ndinkaoneka ngati chimbozi cha m'munda wa kabichi.

“Nanga nkhope yanga anthu adzaiona bwanji?”

Sonia anayang'ana Gildo. Gildo anayang'ana kamera.

“Komputadori ikonza, tio.”

Ine ndinamva kuti makinawo adzatulutsa nkhope yanga kunja kwa nsalu, poti masiku ano amachita zodabwitsa. Mukudziwa chimene ndinachita? Ndinakameta ndevu. Ndinameta tsitsi. Ndinagula mankhwala otsukira mano. Munthu wokavala thumba kumutu, kukameta ndevu! Ndipo amene anandimetayo ndi Amadeu, wometa wa ku Nhartanda, yemweyo amene ankasewera mfiti, ndipo sanandiuze kanthu, anangoti, “Muoneka bwino, tio.” Amadeu ameneyu ndi munthu wa mimba, akakhala pampando mpando umadandaula. Ndiye mfiti imene ndinayenera kuisenza, itakhala palichero lalikulu lokhomera thabwa pansi, ine ndikuthamanga nayo.

Kwathu ku Angonia chilombo chikatuluka kudambwe anthu amapatuka, amayi amaimba, sichitchulidwa dzina koma aliyense amachiona. Ine ndinkaganiza kuti zanganso zili choncho, ndiye ndinadzipereka. Gildo akakuwa kuti tiyambe, ndinkathamanga mopendekeka ngati kamvuluvulu, mkati mwa nsalumo ndikutuzula maso, kukwinya nkhope, kuti komputadori ikadzakonza ipeze zabwino. Ndinayambanso kuuzira, fuuu, fuuu. Mnyamata wojambula mawu, amene maikolofoni ake anamangirira kunsungwi, anavula zam'makutu.

“Imani! Ndani akupuma ngati matayala ophulika?”

“Ndi Mphepo,” ndinayankha.

“Tio, mphepo tidzaika tokha. Inu muzingokhala chete.”

Panalinso china chimene ndinkawaseka nacho. Malo alionse tikafika, kaya ndi m'mbali mwa mtsinje, kaya pabwalo la mpira, Gildo ankatithamangitsa tonse, “Chokani, chokani,” n'kujambula malo opanda munthu. Udzu basi, fumbi, mwina ndi mbuzi yodutsa. Ine ndinkauza Amadeu kuti ana a sukulu awa akutha batire kujambula mpweya. Amadeu ankangoseka. Ndinkaganiza kuti tikuseka limodzi.

Tsopano dzuwa la Tete mukulidziwa, lija la mvula isanagwe, loti ngakhale abuluzi amabisala. Ine ndili m'chinsalu chosapuma, chimunthu pamutu, kuthamanga, kubwerera, kuthamanganso chifukwa Amadeu waiwala mawu ake. Ndinkamwa madzi ngati ng'ombe. Madzi akalowa amafuna potulukira. Zipi ili kumsana, manja anga safikako, ndipo tsiku lina inakana kutsika. Woti aikonze ndi Sonia, mwana woti ndingamubereke, ndiye ndikamuuze kuti chiyani? Ndinati ndipirira. Ndinapirira. Kenaka Amadeu anayetsemula ali pamwamba, thabwa linandigunda pabongo, ndipo kupirira kunathera pomwepo.

Gildo anachotsa diso pakamera. “Tio, kutsogoloku nsalu yada. Ikada sigwira ntchito.”

“Ndi thukuta.”

“Inde, ndi thukuta,” anatero Sonia akuyang'ana kumwamba.

Anandiimika padzuwa, miyendo yotangadza, manja m'mwamba, kuti ndiume ngati chovala cha pachingwe, iwo atakhala pamthunzi wa mtengo wa masau akudya buledi. Tonse tinagwirizana kuti linali thukuta, ndipo amene akufuna kutsutsa abwere pamerkado.

Tsiku lomaliza tinakajambula m'madimba a ku Nhartanda. Mfiti inayenera kuuluka pamwamba pa masamba ikulirira tomato. Palibe anauza eni madimba. Ndikuthamanga m'kanjira, sindikuona bwino, mayi wina amene anawerama akupalira anadzuka n'kuona chinthu chobiriwira chopanda nkhope chikubwera chitasenza chimunthu chopaka phulusa, cha nthenga kumutu. Sanathawe ayi. Amayi a Chinyungwe sathawa. Anakuwa mawu amene sindingalembe, n'kundimenya ndi mpini wa khasu m'nthiti. Ndinapita uku, lichero uko, Amadeu anakatera chamimba mu ngalande ya madzi. Ndi tsiku lokhalo limene mfiti ija inatera. Potuluka m'matopemo sokosi ya kumanzere inatsala pansi, tinaifuna osaipeza.

“Dzuwa likupita, tiyeni choncho,” anatero Gildo. “Komputadori ikonza.”

Ndinathamanga phazi limodzi lili pamtunda, nthiti zikubaya. Ndipo pothamangapo ndinkaganiza za Telma, kuti akadzaona adzati bambo anga ndi mwamuna.

Paja ndinali nditamuuza kale. Gildo anali atatulutsa kachidutswa kosonyeza nkhope ya Amadeu yokha, ana a sukulu akutumizirana. Telma akudutsa ndi anzake awiri ndinamuitana mokweza, zimene sindinkachita.

“Telma! Filime ya mfiti yosatera ija, ndilimo.”

Anaima. “Pai, musanditero.”

“Ndine Mphepo. Funsa Gildo.”

Anzake anayamba kulumpha, kufunsa ngati mimba ya Amadeu ndi yeniyeni, ngati angabwere kudzaona. Ndiye Telma anandigwira mkono, mkono wafumbi womwewu, n'kunena kuti, “Awa ndi pai anga.” Ndinapita kuseri kwa galimoto ya mbatata ngati ndikukayang'ana tayala. Zimene ndinkachita kumeneko si nkhani yanu.

Tsiku loonetsa linali Loweruka masana, m'baraka ina yaikulu, chisakasa choonetseramo mafilime ku Chingodzi, mazenera atatseka ndi nsalu za amayi a Gildo. Ndinabwereka nsapato kwa mnzanga wogulitsa anyezi, zazing'ono, zala zinapindika ngati nkhanu, koma zinkawala. Ndinapita ku Mpadue kukapempha mwana. Amayi ake anandiyankhira pageti, mwamuna wawo ataima kumbuyo akutsuka galimoto.

“Filime, a Lazaro? Inuyo?”

“Ineyo.”

“Abwere dzuwa lisanalowe.”

Telma anavala diresi yake ya kutchalitchi, anzake aja anabwera ndi enanso. Ndinawakweza onse chapa, minibasi yathu ya kuno. Tinakhala kutsogolo. M'barakamo munali modzaza, motentha, fungo la nsomba zokazinga, chinsalu choyera chili pakhoma.

Filime inayamba. Amadeu uyo, palichero, akuuluka pamwamba pa mtsinje, akulira kuti amayi ake amutsitse. Anthu anaseka. Ine ndinayang'ana pansi pa lichero. Panalibe kanthu. Madzi, bango, mbalame. Ndinati mwina poyamba pokha. Bwalo la mpira linabwera, pamene ndinathamanga mpaka kuona mdima, lichero likuyandama lokha, pansi pake fumbi ndi mbuzi.

“Pai, inu mubwera nthawi yanji?” Telma ananong'ona.

“Dikira. Mphepo imabwera kumapeto.”

Koma mbuzi ija ndinali nditaizindikira kale. Inali ya tsiku limene Gildo anatithamangitsa n'kujambula malo opanda munthu. Pamenepo ndi pamene mutu wanga wa kinta kalasi unatseguka. Malo opanda munthuwo ankawajambula kuti adzawaike pamene panali ine. Nsalu yobiriwira ija sinali chovala cha Mphepo, inali yoti makina adziwe pofufuta. Masabata onse aja, thukuta lenileni ndi thukuta linalo, nthiti, ndevu, ntchito yanga inali yoti ndisaoneke.

Mnzake wa Telma anawerama. “Bambo ako ali pati kodi?”

Telma anangoyang'ana chinsalu cha pakhoma.

Ndiye anafika madimba a ku Nhartanda. Lichero likuuluka pamwamba pa kabichi, ndipo pansi pake, abale anga, phazi. Phazi limodzi, lakuda, lamatope, chidendene chong'ambikang'ambika, lopanda mwendo, lopanda mwini, likuthamanga lokha m'kanjira, phya, phya, phya. Anaikamo ndi kulira kwake. Amadeu pamwamba anali atamuwonjezera mawu, akukuwa kuti, “Phazi la ndani likunditsatirali!” Baraka inagwa. Anthu ankamenya mabenchi, mayi wina anatsamwa ndi nsomba, wina anakuwa kuti bwezani, bwezani, ndipo anabwezadi.

Munthu wanzeru akanakhala chete. Akanatuluka ndi mwana wake, kumugulira fanta, kumuuza kuti anyamata andinyenga. Ine? Ine ndinaona kuti ndi umboni wokhawo umene ndili nawo kuti sindine wabodza. Ndinaimirira.

“Phazi limenelo ndi langa!”

“Khalani pansi madala, mukutitchinga!”

“Ndi langa ndati! Ndine ndinasenza chimunthucho!”

“Tionetseni!”

“Pai, chonde,” anatero Telma, akundikoka malaya. Ndinamumva. Sindinganame kuti sindinamumve.

Ndinalimbana ndi nsapato yobwereka ija, inakana, ndinaikoka ndi manja awiri mpaka inafwamphuka n'kukagunda chinsalu cha pakhoma. Sokosi inali yobooka chala chachikulu. Ndinaivula, ndinakwera pabenchi, ndinanyamula mwendo kuti anthu ayerekeze ndi la pakhomalo. Mafoni onse anali m'mwamba. Amene anakhala mbali ina ya benchi anadzuka kuti ajambule bwino, benchi inapendeka, ndipo ndinagwa chagada m'beseni la nsomba za mayi wogulitsa pakhomo, phazi lili m'mwamba. Anandiuza pambuyo pake kuti anthu anaomba m'manja.

Nditadzuka, mafuta ali kumsana konse, pamene panakhala Telma panali popanda munthu. Anzake anali pomwepo, akuonetsana mafoni.

Ndinatuluka nditavala nsapato imodzi yokha, ya kumanja. Ndinamuona patali akuyenda yekha m'mbali mwa msewu, diresi ya kutchalitchi ija, osacheuka. Ndinamuitana kamodzi. Anakwera chapa.

Gildo ndinamupeza kuseri kwa baraka anthu akumugwira chanza. Ndinamugwira pakhosi pa malaya.

“Iwe, bwanji sunandiuze?”

“Tio, ndimaganiza kuti mukudziwa. Aliyense amadziwa kuti chobiriwira chimafufutidwa.”

“Aliyense wake uti? Wa pamerkado?”

“Phazilo ndinayesa kulichotsa, linakana, kenaka ndinaona kuti likuseketsa. Tio, mwamva mmene anthu asekera? Phazi lanu lapulumutsa filime.”

“Mwana wanga wapita akulira.”

Apo anavula magalasi. Kenaka anati ali ndi zithunzi zina zosafufuta, za nthawi yopuma, pamene ndavula chakumutu, nkhope ikuoneka, Amadeu akunditcha ngwazi, onse akundiombera m'manja nditamukweza ulendo woyamba. Anati adzapita yekha ku Mpadue, adzamuonetsa Telma, adzamuuza ndi pakamwa pake kuti popanda bambo ake filime kulibe. “Loweruka likubwerali, tio. Ndikulumbira pa amayi anga.” Ndinamusiya malaya.

Sindinapemphe china. Sindinati dzina langa lilembedwe, sindinati andilipirire nsomba za mayi uja, zimene ndinalipira ndekha posenza madengu ake. Ndinangofuna kuti munthu wa magalasi akaime pageti paja n'kunena kuti Lazaro sananame ndipo si chitsiru. Choyambacho n'choona, chachiwiricho akanangondithandiza.

Loweruka linafika, sanapite. Linalo anati kamera mwini wake waitenga. Linalo anati ali ku Beira. Panthawiyi kugwa kwanga m'nsomba kunali kutafika pafoni iliyonse mu Tete, kunayenda kuposa filime yeniyeniyo. Pamerkado dzina la Lazaro linatha, ndinakhala Phazi. Zimenezo ndikanapirira, khosi langa lasenza zolemera. Koma ndinapita ku Mpadue, amayi a Telma anatuluka n'kutseka geti kumbuyo kwawo.

“Safuna kutuluka. Kusukulu akumutcha mwana wa Phazi. Akalowa m'kalasi anyamata amavula nsapato.”

“Ndimafuna kuti anyadire.”

Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anangoti, “Mukanangokhala wosenza matumba, a Lazaro. Zimenezo anali atazolowera.”

Telma sadutsanso pamerkado. Amazungulira njira ya kuseri, yaitali, padzuwa limeneli. Nthawi yoweruka ana a sukulu ndimapezeka ndaima pamene ndinkaima kale, tomato ali m'kapepala, kenaka ndimamupatsa mayi wa nsomba uja akabwera pamerkado.

Mwezi watha Gildo anatuma Sonia kudzandiuza kuti anthu akufuna Phazi libwerere, tsopano likhala ndi nkhani yakeyake, likwatira. Ndinati kamuuze ayambe wapita ku Mpadue. Sanapite. Anapeza mnyamata wina wopalasa njinga, anamupaka matope ndi makala, anamujambula ming'alu kuchidendene ndi bolopeni. Ndaliona. Ndi phazi la munthu amene sanasenzepo kanthu, koma anthu akuseka chimodzimodzi. Ndiye ngakhale paphazi pomwe andifufuta.

Ine ndalumbira. Chobiriwira sindivalanso, ngakhale chipewa. Nsapato sindivula pagulu, kaya kutenthe bwanji. Ndipo mwana aliyense wa magalasi akadzayamikira khosi langa, ndidzamusenza ndithu, koma malo otera udzamusankhira ndi mtsinje.

Gildo ali ndi ngongole ya ulendo umodzi wa ku Mpadue. Chapa chochokera ku Chingodzi chimafika kumeneko. Sanapite.